Kusankha babu la metal halide la thanki ya makorali: mtundu wa kuwala ndi malo amene kumafika

Pakati pa Amalawi amene tikukhala kuno ku Johannesburg pali kagulu kochepa ka anthu amene timasamala mathanki agalasi osungiramo zamoyo za m'nyanja yamchere. Ena anayamba ntchitoyi chifukwa bwana wa panyumba imene amagwirapo ku Randburg kapena ku Fourways anawasiyira thanki kuti aziyang'anira, ena amagwira m'mashopu ogulitsa nsomba zoweta, ndipo ochepa anagula mathanki awoawo atasunga ndalama kwa nthawi yaitali. Ambiri a ife tinabwera tikudziwa mbuna za ku Cape Maclear, nsomba za madzi opanda mchere zimene zimakhala bwinobwino pansi pa nyali iliyonse bola zipatsidwe chakudya ndi miyala yobisalamo. N'chifukwa chake timachedwa kumvetsa kuti pa thanki ya makorali, zamoyo za m'nyanja zooneka ngati miyala kapena zomera, nyali si chokongoletsera ayi, koma ndiyo nkhokwe imene zamoyozo zimadyamo.

Masiku ano mashopu ambiri akugulitsa nyali za LED, ndipo anthu amene asinthira ku nyali zimenezi akugulitsa zida zawo zakale za metal halide, nyali za mababu owala ndi nthunzi ya timichere ta zitsulo, motchipa pa Facebook. Zida zimenezi zikugwera m'manja mwa anthu ngati ife, ndipo palibe cholakwika pamenepo, chifukwa kwa zaka zambiri makorali ovuta kwambiri kusunga analeredwa ndi nyali zomwezi. Funso limene ndimafunsidwa kawirikawiri limakhala la mbali ziwiri: kodi nditenge babu la nambala yanji (nambala ya pabokosi yosonyeza mtundu wa kuwala), nanga babu limodzi likwana? Maganizo anga ndi akuti mtundu wa kuwala umasankhidwa makamaka ndi diso la mwini thanki, pamene kuchuluka kwa kuwalako ndi malo amene kukufika zimalamulidwa ndi korali pamodzi ndi miyeso ya thanki. Munthu akataya nthawi yonse pa funso loyamba n'kupeputsa lachiwiri, amapeza thanki yokongola m'maso koma makorali a m'mbali akufa pang'onopang'ono.

Korali amaoneka ngati mwala kapena chomera, koma ndi nyama. M'mnofu mwake mumakhala tindere tating'ono kwambiri totchedwa zooxanthellae, timene timapanga chakudya pogwiritsa ntchito kuwala monga momwe tsamba la chimanga limachitira, ndipo gawo lalikulu la chakudyacho limapita kwa korali amene watisunga. Tindereti timagwira bwino kuwala kwa buluu, kwa utali wa mafunde wapakati pa ma nanometer (muyeso wa mafunde a kuwala) 400 ndi 500, komanso mbali ina ya kuwala kofiira. M'nyanja, madzi amameza kuwala kofiira m'mamita ochepa oyambirira, kenako kwachikasu, ndipo kwa buluu ndi kumene kumatsika pansi kwambiri. Amene anasambirapo pansi pa madzi pa Two Mile Reef ku Sodwana Bay, m'chigawo cha KwaZulu-Natal, amadziwa kuti pansi pamenepo chilichonse chimaoneka chabuluu. Korali wokhala pamwamba pa thanthwe, pafupi ndi mafunde, amalandira dzuwa loyera ndi laukali, pamene wokhala pa mamita 15 kapena 20 amalandira kuwala kochepa kwa buluu. Onsewa amagulitsidwa m'shopu imodzi, ndipo nthawi zambiri amathera m'thanki imodzi.

Babu la metal halide lili ndi kachubu ka quartz, galasi lopirira kutentha, kamene muli mpweya wa argon, mercury pang'ono, ndi timichere ta zitsulo monga indium, thallium ndi sodium. Magetsi akadutsa pakati pa nsonga ziwiri za m'kachubumo, timichereti timasanduka nthunzi n'kuyamba kuwala, ndipo chitsulo chilichonse chimapereka mtundu wake: indium amapereka buluu, thallium kubiriwira, sodium chikasu. Wopanga babu akasintha msakanizo umenewu, mtundu wa kuwala umasintha. Nambala yolembedwa pabokosi, monga 6,500K kapena 20,000K, ndi muyeso wa Kelvin, ndipo njira yosavuta yowumvetsa ndiyo kukumbukira wosula makasu. Chitsulo chikayamba kutentha pamoto chimafiira, chikapitirira chimasanduka chachikasu, kenako choyera, ndipo chikanatha kutentha kuposa pamenepo chikanayamba kuoneka chabuluu. Choncho nambala yaing'ono imasonyeza kuwala kopendekera ku chikasu, yaikulu imasonyeza kopendekera ku buluu. Nambalayi sinena kanthu za mphamvu ya babu, ngakhale kuti ambiri ogula koyamba amaganiza kuti 20,000K ndi lamphamvu kuwirikiza kawiri kuposa 10,000K.

Zoona zake nthawi zambiri zimakhala zosemphana ndi ganizo limeneli. Kuwala kumene tindere tingagwiritse ntchito kumayesedwa ndi muyeso wotchedwa PAR, umene umawerenga kuwala konse kwapakati pa ma nanometer 400 ndi 700. Sanjay Joshi, mphunzitsi wa zauinjiniya pa yunivesite ya Penn State ku America amenenso amasunga makorali, anayesa mababu ambiri a metal halide ndi mabalasti osiyanasiyana (balasti ndi chida chimene chimapatsa babu magetsi oyenera), ndipo zotsatira zake zinasonyeza chimene osunga makorali ankachiona kale m'mathanki awo: pa mawati ofanana, mababu a nambala yaing'ono kawirikawiri amatulutsa PAR yochuluka kuposa a nambala yaikulu. Babu la Iwasaki la 6,500K linatchuka chifukwa chokulitsa makorali mofulumira, koma madzi pansi pake amaoneka achikasu, ndipo makorali ambiri amaoneka abulauni ngati mitengo youma. Babu la Radium la 20,000K limapangitsa thanki kuoneka ngati pansi pa nyanja, ndipo makorali obiriwira ndi a olenji amawala ngati ayatsidwa mkati, chifukwa ali ndi mapuloteni amene amameza kuwala kwa buluu n'kukubweza mu mtundu wina. Pakati pa awiriwa pali 10,000K, loyera ngati masana opanda mitambo, ndi 14,000K, loyera koma lopendekera ku buluu, monga la Phoenix limene ambiri analikonda.

Diso la munthu limanyenga pa nkhani imeneyi m'njira ziwiri. Maso athu amaona bwino kwambiri kuwala kobiriwira ndi kwachikasu, ndipo buluu amamuona mofooka, kotero thanki ya 20,000K ikhoza kuoneka yamdima kwa ife pamene tindere tikulandira kuwala kokwanira. Mbali inayi, munthu akazolowera kukongola kwa buluu amaiwala kufunsa ngati makorali a pansi akulandira zokwanira. Ndiponso nambala ya pabokosi si lonjezo lenileni: mababu awiri olembedwa 14,000K ochokera kwa opanga osiyana akhoza kuoneka osiyana kotheratu akayatsidwa moyandikana. Ngakhale babu limodzi lomwelo limasintha mtundu malinga ndi balasti imene ikulipatsa magetsi. La Radium la mawati 250 likaikidwa pa balasti yolemera ya maginito ya mtundu wa HQI limawala kwambiri ndipo limayera, koma pa balasti yopepuka ya ilekitironiki limaonetsa buluu wochuluka ndi mphamvu yochepa. Choncho munthu akamagula zida zakale ayenera kufunsa za balasti asanafunse za babu, ndipo ngati n'kotheka apite akaone babu limene akufunalo likuyaka pa thanki ya mnzake.

Ine ndikafunsidwa ndi munthu amene ali ndi makorali osakaniza ndimamulangiza 14,000K, chifukwa limapereka mphamvu yokwanira popanda kufuna nyali zina zowonjezera. Amene cholinga chake ndi kukulitsa makorali a nthambi monga Acropora ndi Montipora kuti azidula tizidutswa togulitsa kapena kusinthana ndi anzake, angachite bwino ndi 10,000K, n'kuwonjezera machubu awiri a buluu a nyali zazitali zotchedwa T5 m'mbali kuti abweze kukongola kumene babu loyera limabisa. Machubu amenewa amathandizanso kuti tsiku la m'thanki liyambe ndi kutha mofatsa, chifukwa amayatsidwa ola limodzi kapena awiri babu lalikulu lisanayake ndipo amazimitsidwa pambuyo pake. La 20,000K ndimalivomereza pa thanki yosazama kapena pamene mwini wake ali wokonzeka kukwera mawati kuti abweze mphamvu imene yatayika.

Tsopano tifike pa nkhani imene ndimaiona kuti ndi yaikulu. Babu la metal halide limatulutsa kuwala konse kuchokera pa kadontho kamodzi, mosiyana ndi chubu chimene chimawala m'litali mwake monse. Kadontho kameneka ndi kamene kamabweretsa mizere yowala yovinavina pamchenga wa pansi pa thanki, yofanana ndi imene munthu amaiona akaima m'madzi ofika m'mawondo ku Senga Bay dzuwa lili paliwombo, ndipo anthu ambiri amakakamira nyalizi chifukwa cha mizere yomweyi. Koma kadontho komweko kamachititsa kuti kuwala kuunjikane pansi penipeni pa babu n'kumachepa msanga kupita m'mbali. Chizolowezi chimene osunga makorali amatsata ndi chakuti babu limodzi limawalitsa bwino malo a masentimita 60 m'litali ndi 60 m'lifupi. Thanki ya masentimita 120 imafuna mababu awiri, ya 180 imafuna atatu. Kuika babu limodzi la mawati 400 pakati pa thanki ya masentimita 120 sikulowa m'malo mwa awiri a 250, chifukwa pakati padzapsa pamene m'makona mudzakhala mdima.

Thanki ya masentimita 90 ndi imene imavutitsa anthu ambiri, chifukwa babu limodzi limaperewera pang'ono ndipo awiri amachulukitsa kutentha. Pamenepa munthu ali ndi ufulu wosanja miyala ngati phiri limodzi pakati, kuika makorali okonda kuwala pansonga ndi kusiya m'mbali kuti mukhale a mnofu wofewa monga zoanthid ndi aja ooneka ngati bowa, amene safuna kuwala kwambiri. Chinthu china chimene chimaiwalika ndi kagalasi kapena kapulasitiki kolimbitsa thanki kamene kamadutsa pakati pamwamba. Babu likaikidwa pamwamba penipeni pa kachinthu kameneka, mthunzi wake umagwera pomwe pamayenera kukhala powala kwambiri, ndipo ngati kali kapulasitiki kakhoza kuwonongeka ndi kutentha. Thanki yotere imafuna babu mbali iliyonse ya cholimbitsiracho.

Kuzama kwa madzi ndi kumene kumalamula mawati. Mwa chizolowezi chomwecho, babu la mawati 150 limakwanira madzi ozama mpaka masentimita 45, la 250 mpaka 60, ndipo la 400 ndi la mathanki ozama kupitirira pamenepo. Chifukwa chake ndi chakuti kuwala kochokera pa kadontho kamodzi kumachepa mofulumira mtunda ukamakula: mtunda ukawirikiza kawiri, kuwala kofika pa malo omwewo kumatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Rifulekita yabwino imachepetsako kutayika kumeneku, ndipo apa ndi pamene ndalama pang'ono zimabweza zambiri. Babu limatulutsa kuwala mbali zonse, kuphatikizapo kumwamba kumene kulibe korali, ndipo ntchito ya rifulekita ndi kukutembenuzira pansi. Rifulekita zazikulu za makona ambiri, monga za mtundu wa Lumenarc, zimamwaza kuwala mofanana pa malo aakulu, pamene zing'onozing'ono zozama zimakusonkhanitsa pamalo ochepa n'kukutsitsa pansi kwambiri. Thanki yotambalala imafuna yoyambayo, yopapatiza koma yozama imafuna yachiwiri. Ndinaonapo munthu atapachika babu lodula pansi pa kachitini kopindidwa ndi manja, ndipo ndinamva chisoni poona kuti mbali yaikulu ya magetsi amene ankalipira inkawalitsa khoma la chipinda.

Msinkhu wa babu pamwamba pa madzi ndi chida chimene mwini thanki ali nacho m'manja tsiku lililonse. Ambiri amayambira pa masentimita 20 mpaka 30. Kulikweza kumakulitsa malo owalitsidwa koma kumachepetsa mphamvu, kulitsitsa kumachita zosiyana ndi zimenezi ndipo kumawonjezera kutentha ndi madontho a mchere ofika pagalasi. Njira yotsimikizika yodziwira zimene zikuchitika m'madzi ndiyo kubwereka kachipangizo koyesera PAR n'kuyesa malo angapo, pansonga ya miyala, pakati, pamchenga ndi m'makona onse anayi. Osunga makorali ambiri amafuna PAR yapakati pa 200 ndi 400 pa makorali a nthambi, ndi yapakati pa 50 ndi 150 pa a mnofu wofewa ndi a milomo ikuluikulu monga Euphyllia. Munthu akayesa koyamba amadabwa kuona kusiyana kwa nambala pakati pa malo awiri otalikirana ndi chikhatho chimodzi chokha, makamaka pansi pa nthambi za korali wina, chifukwa kuwala kwa kadontho kamodzi kumasiya mithunzi yakuda bii. Mababu awiri amene kuwala kwake kumalowerana pakati amafewetsa mithunzi imeneyi, ndipo ichi ndi chifukwa china chokondera awiri apakatikati kuposa limodzi lalikulu.

Babu la metal halide limakalamba mosaonekera. Maola pafupifupi 100 oyambirira mtundu wake umakhala usanakhazikike, ndiye si bwino kuliweruza pa tsiku loyamba. Pambuyo pake mphamvu yake imatsika pang'onopang'ono ndipo mtundu umasuntha, kotero ambiri amasintha mababu pakatha miyezi 9 mpaka 12 ngakhale akuyakabe. Pamenepa ndi pamene ndinalakwitsa kwambiri. Pa thanki ina imene ndinkasamala, mababu awiri anali atadutsa chaka ndi theka, ndipo ndinawachotsa onse tsiku limodzi n'kuika atsopano a 10,000K, maola n'kuwasiya 8 monga kale. Pasanathe sabata, Acropora wina wamkulu amene anali pansonga ya miyala anayamba kuyera kuyambira ku nsonga za nthambi zoyang'ana kumwamba, pamene pansi pa nthambi zomwezo panali pabulauni monga kale. Korali akapanikizika ndi kuwala kapena kutentha amatulutsa tindere take, ndipo chimene chimatsala ndi mnofu woonekera mkati wokuta chigoba choyera. Bambo wina wachikulire wa ku Mangochi, amene anagwira ntchito m'shopu ya nsomba zaka zambiri, atabwera kudzaona anayang'ana kwa kanthawi n'kunena kuti, "Achimwene, munthu amene wagona m'nyumba mwezi wathunthu akudwala simumutulutsa pa dzuwa la masana tsiku loyamba."

Anandisonyeza chochita. Tinakweza nyali, tinatsitsa maola kufika pa 4, ndipo pamwamba pa thanki tinayala magawo atatu a sefa wa pawindo woletsa udzudzu, motalikira ndi babu kuti asapse, n'kumachotsa gawo limodzi sabata iliyonse uku tikuwonjezera maola pang'onopang'ono. Koraliyo anabwerera mtundu patapita miyezi ingapo, ngakhale nthambi ziwiri zinafa. Kuchokera nthawi imeneyo ndimasintha babu limodzi, n'kudikira masabata awiri kapena atatu ndisanasinthe linalo, ndipo tsiku losinthira ndimalilemba pa kapepala komata pa balasti. Chenjezo lomweli likukhudza munthu amene akusintha mtundu, makamaka kuchoka ku 20,000K kupita ku 10,000K, chifukwa ngakhale mawati ali omwewo, kuwala kofika pa korali kumakwera kwambiri. Likukhudzanso korali watsopano wochokera ku shopu, amene ayenera kuyambira pamchenga n'kumakwezedwa pang'onopang'ono.

Mzinda uno umawonjezera mavuto ake pa nyali zimenezi. Madzi a makorali ayenera kukhala pakati pa madigiri 24 ndi 26, ndipo mababu awiri a mawati 250 m'chipinda chaching'ono cha malata m'miyezi ya Novembala mpaka Febuluwale akhoza kuwakweza kudutsa malire amenewa mosavuta. Fani yowuzira pamwamba pa madzi imathandiza kwambiri kuno, chifukwa Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 ndipo mpweya wake nthawi zambiri ndi wouma, kotero madzi amauluka msanga n'kuchotsa kutentha. Koma madzi akamauluka mchere umatsala, ndiye tsiku lililonse pamafunika kuwonjezera madzi osefedwa opanda mchere. Ena amasuntha maola a nyali kuti aziyaka madzulo kunja kutazizira. Mayunitsi a magetsi nawo ayenera kuwerengedwa munthu asanagule: mababu awiri a 250 oyaka maola 8 amadya mayunitsi 4 pa tsiku, kutanthauza 120 pa mwezi, osawerengera zimene mabalasti ndi makina oziziritsa madzi amadya. Zida zotchipa pogula zikhoza kukhala zodula posunga, ndipo munthu wokhala m'nyumba ya lendi yogawana mita ndi anzake ayenera kukambirana nawo asanapachike nyali.

Kuzimazima kwa magetsi, kumene kunafika poipa kwambiri m'chaka cha 2023, kunatiphunzitsa khalidwe lina la mababuwa. Babu la metal halide likazima lili lotentha silingayakenso nthawi yomweyo, limafuna mphindi 10 kapena 15 kuti lizizire, ndipo kuliyatsa ndi kulizimitsa kawirikawiri kumafupikitsa moyo wake ndi kusintha mtundu wake msanga. Amene ali ndi inverter, makina opereka magetsi ochokera ku batire, asaiwonongere pa nyali. Makorali amapirira masiku angapo amdima monga amachitira m'nyanja kukakhala mitambo, koma madzi akaima kwa maola ambiri mpweya umatha ndipo nsomba ndi makorali zimayamba kufa, choncho batire lonse lipite ku mapampu. Wogula zida zochokera kunja ayang'anenso zolembedwa pa balasti, chifukwa magetsi a kuno ndi a mavolti 230 pamene mabalasti ambiri opangidwira msika wa ku America ndi a mavolti 120.

Pali mitundu iwiri ya mababu, ndipo kusiyana kwake kumakhudza chitetezo cha maso ndi makorali. La mbali imodzi, lopotera ngati babu wamba koma lalikulu, lili ndi galasi lakunja limene limatchinga cheza choopsa cha UV. La mbali ziwiri, lalitali lopanikiza pakati pa tizitsulo tiwiri, lilibe chitetezo chokwanira chotere ndipo liyenera kuyaka kumbuyo kwa galasi lolimba lotchingira nthawi zonse. Zida zakale zambiri zimagulitsidwa galasi limeneli litasweka kapena litatayika, ndipo kuyatsa babu popanda ilo kukhoza kuwotcha makorali m'maola ochepa ndi kuvulaza maso a aliyense amene waweramira pa thanki. Babu lotere lisagwidwe ndi zala zopanda nsalu, chifukwa mafuta a m'manja amasiya banga limene limafooketsa quartz ikatentha, ndipo lakale lisatayidwe m'bini wamba popeza muli mercury, koma liperekedwe kumalo olandirira mababu otha ntchito. Galasi lotchingiralo limadzaza ndi timadontho ta mchere touma timene timaba kuwala mwakachetechete, ndiye sabata iliyonse, nyali itazima ndi kuzizira ndiponso pulagi itazulidwa, lipukutidwe ndi nsalu yonyowa ndi madzi opanda mchere, pamodzi ndi mkati mwa rifulekita.